Kapamba wanga ndikadali naye

Ambirife tikadwala timakhala ndi funso limodzi lokha: kodi mankhwala ake alipo? Akangotiyankha kuti alipo, mtima umakhala m'malo. Matenda amene ine ndakhala nawo kwa zaka 6 tsopano mankhwala ake alipo, ndipo ndi amitundumitundu. Ena amagwira ntchito mwamsanga moti munthu umachita kudabwa. Koma onsewo amalipiritsa, ndipo sindikunena za ndalama zokha. Ena amalanda tulo, ena amadya mafupa, ena amavulaza chiwindi, ena amachotsa chitetezo chimene thupi limadalira polimbana ndi malungo ndi chibayo. N'chifukwa chake masiku ano ndikapatsidwa mankhwala ndimayamba ndafunsa kuti, kodi amenewa andipatsa chiyani, nanga anditengera chiyani?

Matendawa alibe dzina m'Chichewa. Madokotala amangowatchula ndi zilembo zitatu, ITP. M'magazi mwathu muli timaselo ting'onoting'ono timene timathamangira pabala n'kumatana kuti magazi asiye kutuluka. Dzina lake ndi mapulateleti. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, amakhala masiku 7 mpaka 10, kenako ena amalowa m'malo. Munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kochepetsetsa ka magazi kamene a ku labotale amawerengera. Mwa munthu wa ITP chitetezo cha m'thupi chimasokonera. Asilikali amene ntchito yawo ndi kugwira tizilombo amayamba kumata chizindikiro pa mapulateleti ngati ndi adani, ndipo kapamba amawasefa n'kuwaphwanya masiku awo asanakwane. Kapamba amene ndikunenayu ndi chiwalo chija chili kumanzere, kunsi kwa nthiti, chimene chimatupa mwa ana odwaladwala malungo.

Zoti mdani ali m'magazi momwemo zinadziwika chifukwa cha kulimba mtima kwa dokotala wina wa ku St. Louis ku America, William Harrington. M'chaka cha 1950 iye anadziika yekha magazi a mayi wina wodwala ITP. Patangopita maola ochepa mapulateleti ake anatsikiratu, mpaka anakomoka n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu. Patatha masiku angapo anabwerera mwakale. Zimenezi zinasonyeza kuti m'magazi a wodwala muli china chake chimene chimawononga mapulateleti ngakhale a munthu wathanzi. Mankhwala ambiri amene anatsatira amalimbana ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo vuto lagona pomwepo. Sungafooketse mlonda kuti asamamenye ana a panyumba popanda kumufooketsanso pamaso pa akuba.

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Salima. Kwa ine zinayamba ndi mikwingwirima m'manja ndi m'ntchafu popanda kugunda paliponse, timadontho tofiira m'miyendo ngati ndalumidwa ndi utitiri, nkhama zotuluka magazi potsuka m'kamwa, ndi msambo wosatha wa masiku khumi. Amayi ena a pamudzi anayamba kuwayang'ana ndi diso lina bambo a kunyumba kwathu, poganiza kuti amandimenya. Kuchipatala chachikulu anapeza kuti mapulateleti anga ali pa 9,000. Palibe kuyeza kumodzi kumene kumanena kuti uyu ndi ITP. Amayamba achotsa zina zonse zimene zimatsitsa mapulateleti: malungo, HIV, matenda a chiwindi, khansa ya m'magazi, komanso mankhwala ena monga kwinini ndi bakitirimu. Zonsezo zitakanidwa, chinatsala ndi dzina la zilembo zitatu lija.

Mankhwala oyamba anali prednisolone, mapiritsi 12 a mamiligalamu asanu m'mawa uliwonse. Pasanathe milungu iwiri nambala inakwera kufika pa 120,000. Magazi analeka, mikwingwirima inazilala, ndipo tonse panyumba tinapuma. Ndikunena izi poyamba kuti wina asamve ngati ndikunyoza mankhwalawa. Pa 9,000 munthu akhoza kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo. Prednisolone anandichotsa pamenepo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mwezi woyamba usanathe, tulo tinathawa. Ndinkadzuka 2 koloko usiku mtima ukuthamanga, n'kuyamba kusita zovala zositasita kale. Njala inali yosaneneka. Ndikamaliza nsima ndinkayang'ana m'poto ngati mwana. Nkhope inatupa n'kukhala yozungulira, kumbuyo kwa khosi kunamera linunda, pamimba panatuluka mizere ngati ya mayi woyembekezera, koma miyendo inkaonda ndi kufooka moti kudzuka pamkeka kunkafuna kugwira khoma. Mtima unafupika. Ana a m'kalasi mwanga, amene ankandidziwa ngati munthu woseka, anayamba kukhala chete ndikangolowa.

Chovuta china n'choti kwathu kunenepa ndi chiyamikiro. "Aphunzitsi, koma ndiye mwanenepatu! Abambo akukusamalani bwino," ankatero anthu pamsika. Ena ankanong'ona kuti ndayamba ma ARV. Amene anaona zenizeni ndi amayi anga. Atandiyang'anitsitsa anati, "Mwanawe, iyi si nkhope ya kudya ayi. Akukupatsa chiyani kuchipatalako?"

Zimene sizioneka ndi maso n'zimene zili zoopsa kwambiri. Prednisolone amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ine shuga wanga anakwera mpaka kuyamba kumwera mankhwala kwa kanthawi. Amafewetsa mafupa, ndipo mwa ena mutu wa fupa la ntchafu, pamene limalumikizana ndi chiuno, umafa chifukwa magazi safikapo. Amayambitsa ng'ala m'maso. Amatsegula khomo kwa matenda: ine ndinatuluka zoyera m'kamwa, kenako mashingozi m'nthiti. M'mayiko athu ano, mmene anthu ambiri tili ndi kachilombo ka TB kogona m'thupi, mankhwala amenewa akhoza kukadzutsa. Amathanso kubisa kutentha kwa thupi, munthu n'kudwala kwambiri osadziwa.

Ndipo sungangowasiya lero ndi lero. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga madzi ofanana ndi mankhwalawa, amene thupi silingakhale popanda iwo. Munthu akamwa prednisolone kwa milungu yambiri, tiziwalo timeneti timagona. Ukasiya mwadzidzidzi umafooka, umasanza, magazi amatsika mphamvu, ndipo ena amafa nazo. Ndaonapo anzanga pamzere wa kuchipatala akunena kuti ataya mapiritsi chifukwa chotopa ndi kutupa nkhope. Ndimawachonderera kuti abwerere kwa adokotala akawachepetsere pang'onopang'ono.

Tsoka lake n'lakuti kwa akuluakulu ambiri, mankhwala akamachepetsedwa mapulateleti amatsikanso. Zinandichitikira katatu. Nthawi iliyonse yankho linali kukwezanso mapiritsi, mpaka ndinakwanitsa miyezi 7. Patapita nthawi ndinawerenga malangizo amene bungwe la madokotala a matenda a magazi la American Society of Hematology linatulutsa mu 2019. Amanena kuti munthu wamkulu wa ITP asamwe prednisone kupitirira milungu 6, kuphatikizapo nthawi yochepetsa. Sindiwaimba mlandu amene ankandilembera. Kolandirira mankhwala kunalibe china choti angandipatse, ndipo prednisolone ndi wotchipa, amapezeka paliponse. Koma kutchipa kumeneko n'kumene kumachititsa kuti kuno odwala ambiri akhalitse pa mankhwala amene anayenera kukhala mlatho chabe.

Achimwene anga atamva za vutoli anafika kuchipatala atapinda kale mkono wa malaya. "Tengani anga, ine ndili nawo ambiri," anatero. Zinawavuta kumvetsa kuti magazi awo sangathandize. Mapulateleti a munthu wina akalowa m'thupi la wa ITP amaphwanyidwa m'maola ochepa ngati eni nyumba omwe. Amaikidwa pokhapokha munthu akutaya magazi moika moyo pachiswe kapena akulowa opaleshoni yamwadzidzidzi, ndipo ngakhale kosungira magazi sakhalitsa, amatha mphamvu pakatha masiku pafupifupi asanu.

Pali mankhwala ena a m'diripi otchedwa IVIG, opangidwa kuchokera ku magazi a anthu masauzande ambiri. Dokotala wa ana wa ku Bern ku Switzerland, Paul Imbach, ndi amene anasonyeza mu 1981 kuti amakweza mapulateleti. Amatangwanitsa kapamba kuti aiwale kaye zophwanya, ndipo nambala imakwera pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma pakatha milungu yochepa imatsikanso. Ambiri amamva mutu waukulu ndi kuphwanya m'thupi, ena amauma khosi ngati agwidwa ndi matenda oumitsa khosi, ndipo mwa ochepa impso zimavulala kapena magazi amaundana m'mitsempha. Mtengo wake atandiuza ndinangoseka. Malipiro a mphunzitsi sangafikeko.

Chaka chitatha, nkhani inafika pa kapamba. Njira yomuchotsa ndi yakale kuposa mapiritsi onsewa. Mu 1916 ku Prague, wophunzira udokotala wina dzina lake Paul Kaznelson anaganiza kuti ngati kapamba ndi amene akuphwanya mapulateleti, bwanji osamuchotsa? Mayi woyamba kuchitidwa opaleshoniyo anapeza bwino. Mpaka lero palibe chithandizo china cha ITP chimene chimachiritsa anthu ambiri kwa nthawi yaitali ngati chimenechi: pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse safunanso mankhwala. Kwa munthu amene watha miyezi 7 osagona, mawu amenewa ndi okoma ngati uchi.

Nanga wachitatu uja? Iye amatsala ndi matenda ake, kapamba alibenso, ndipo palibe njira yodalirika yodziwiratu kuti iweyo udzakhala mbali iti. Komanso onse atatu amalipira mtengo umodzi kwa moyo wawo wonse. Kapamba ndiye sefa yaikulu ya magazi. Ndi amene amagwira mabakiteriya ena oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Munthu wopanda kapamba akhoza kudzuka ndi kutentha thupi pang'ono m'mawa, pofika mawa lake n'kukhala atapita. Sizichitikira ambiri, koma zikachitika zimathamanga. N'chifukwa chake amafunika kubayidwa katemera wa matenda amenewa kutatsala milungu iwiri kapena kuposerapo kuti alowe opaleshoni, ena amamwa penisilini tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo thupi likangotentha ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale kulumidwa ndi galu kumakhala nkhani yaikulu. Chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha nachonso chimakwera.

Kwa ine nkhani yonse inathera pa malungo. Kapamba ndi amene amachotsa m'magazi maselo ofiira amene alowedwa ndi tizilombo ta malungo. Kupirira kumene ife okulira kunyanja tili nako, koti malungo amatigwetsa masiku atatu n'kudzuka, kumadalira kwambiri chiwalo chimenechi. Akachoka, malungo amabwera ngati kwa mlendo. Mabuku ambiri a ITP analembedwa kumayiko kumene malungo ndi matenda a apaulendo, ndipo amangolangiza kuti wopanda kapamba asamale akamapita kumadera a malungo. Ine kumeneko ndiye kwathu. Udzudzu umayamba kulira dzuwa lisanalowe, ndipo nthawi ya dzinja msewu wopita kuchipatala umaduka.

Tinakhala pansi pabanja. Bambo a kunyumba ankafuna opaleshoni, chifukwa ndi amene ankandiona ndikulira usiku popanda chifukwa. Amayi anangoti, "Chochotsa sichibwerera, mwanangu." Amalume anabwera ndi maganizo awo, oti tipite kwa sing'anga wina akanditemere mphini. Ndinawayankha mwaulemu kuti lumo ndi ine sitigwirizana, pakuti kabala ka mphini kakhoza kutuluka magazi usiku wonse.

Amene anamasula mfundoyi ndi dokotala wina wa matenda a magazi amene ndinakumana naye mumzinda. Atawerenga kabuku kanga konse anandifunsa mafunso amene ena sankafunsa: ndimakhala kutali bwanji ndi chipatala, ndimadwala malungo kangati pachaka, nanga nambala ikakhala pa 40,000 ndimatuluka magazi? Ndinati ayi. Ndiye anati, "Mayi, cholinga chathu si kufika pa 150,000. Cholinga n'choti musatuluke magazi." Anandifotokozera kuti munthu wamkulu amene mapulateleti ake ali pamwamba pa 30,000 ndipo sakutuluka magazi, kawirikawiri safunika mankhwala, amangofunika kumuyang'anira. Anatchulanso kafukufuku wa ku Leiden m'dziko la Netherlands, wofalitsidwa mu 2001, amene anatsatira odwala ITP kwa zaka zambiri. Mwa amene matenda awo anakana mankhwala, imfa zobwera ndi matenda olowa chifukwa cha kufooka kwa chitetezo zinali zofanana ndi imfa zobwera ndi kutaya magazi. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona kuti pali maenje awiri, lina kumanja lina kumanzere, ndipo wothawa limodzi mothamanga akhoza kugwera m'linzake.

Mankhwala atsopano alipo kwa amene angawapeze, koma nawonso ali ndi matope awo. Rituximab amaperekedwa m'diripi kamodzi pamlungu kwa milungu inayi, ndipo amapha maselo amene amapanga asilikali osokonera aja. Amathandiza anthu opitirira theka poyamba, koma pakatha zaka zisanu amene amakhala adakali bwino ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu. Akhoza kudzutsa kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamene kanagona, kamene kuno ku Africa n'kofala, choncho kuyezetsa kaye n'kofunika. Ndipo kwa miyezi ingapo katemera aliyense amene ungabayidwe sagwira bwino ntchito.

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg, yemwe timalemberana pa WhatsApp chifukwa cha matenda omwewa, amamwa eltrombopag. Amenewa, pamodzi ndi anzake a jakisoni wa mlungu ndi mlungu otchedwa romiplostim, anavomerezedwa ku America mu 2008. Ubwino wawo n'ngwakuti safooketsa chitetezo, amangolimbikitsa mafupa kupanga mapulateleti ambiri. Koma mnzangayo amayezetsa chiwindi pafupipafupi chifukwa mankhwalawa akhoza kuchivulaza. Sangamwe pamodzi ndi mkaka, chambiko, mapiritsi a chilungulira kapena mapiritsi owonjezera magazi, chifukwa zimenezi zimawamanga m'mimba osalowa m'thupi. Amachita kuwerengera maola. Nambala ikakwera kwambiri pamakhala mantha a kuundana kwa magazi ndi sitiroko, zomwe n'zodabwitsa kwa munthu amene matenda ake ndi otuluka magazi. Ndipo akasiya mwadzidzidzi, mapulateleti akhoza kutsika kuposa pamene anayambira. Mantha ake aakulu ndi kutha kwa ntchito, chifukwa ndi inshulansi ya kuntchito imene imamugulira.

Ine tinagwirizana ndi adokotala kuchepetsa prednisolone pang'onopang'ono mpaka kusiya, n'kuona pamene thupi lidzaime lokha. Linaima pakati pa 35,000 ndi 50,000, ndipo lakhala pamenepo zaka zambiri. Ndi nambala imene namwino wachilendo akaiona amadzidzimuka, koma ine ndimaphunzitsa nayo, ndimalima nayo, ndimagona nayo tulo. Kawiri inatsika kwambiri nditadwala chimfine, ndipo anandipatsa dexamethasone kwa masiku anayi okha. Masiku amenewo tulo kulibe, ntchofu ya m'kamwa imawawa, ndipo akatha thupi limakhala ngati lapunthidwa, koma ndi masiku anayi, osati miyezi 7. Pa nthawi ya msambo ndimamwa tranexamic acid, amene amathandiza kuti magazi asatayike ambiri.

Moyo umenewu uli ndi malamulo ake. Patsamba loyamba la kabuku kanga ka kuchipatala ndinalembapo ndi inki yofiira kuti ndili ndi ITP, ndisapatsidwe asipirini, bulufeni, indosidi kapena diclofenac, chifukwa onsewa amafooketsa mapulateleti ochepa amene ndili nawo. Mutu ukandipweteka ndimamwa panado. Jakisoni wa pathako ndimapempha kuti apewe ngati pali njira ina. Dzino sindizula ndisanayezetse magazi. Pa kabaza wa njinga yamoto sindikwera popanda chipewa. Ndipo panyumba aliyense, ngakhale mwana wanga wamng'ono, amadziwa zizindikiro zimene sitidikira nazo kuti kuche: kamfuno wosaleka, matuza a magazi m'kamwa, chimbudzi chakuda, mkodzo wofiira, kapena mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi. Kutopa nakonso kulipo, kutopa kosadziwika bwino kumene odwala ITP ambiri amakudandaula ngakhale nambala ili bwino.

Sindikunena kuti njira yanga ndi ya aliyense. Ndili ndi mwayi woti thupi langa linaima pamwamba pa 30,000. Pali ena amene akasiya mankhwala amagwera pa 5,000 magazi ali chuchuchu, ndipo kwa iwo kukana chithandizo ndi kudzipha. Ndikudziwa mtsikana wina amene tinagonera limodzi m'chipatala, amene anachotsedwa kapamba. Lero ali ndi ana awiri ndipo mapiritsi anaiwala. Kwa ana aang'ono nkhani ndi inanso: ambiri amachira okha pakatha miyezi ingapo, ndipo kutaya magazi mu ubongo kumachitikira osakwana mmodzi pa 100 alionse, choncho nthawi zambiri dokotala wabwino amasankha kungowayang'anira. Kholo limaona ngati mwana wanyalanyazidwa, pamene akumuteteza ku matope.

Chimene ndimapempha n'choti wodwala auzidwe mbali zonse ziwiri, m'chilankhulo chimene amamva, asanameze piritsi loyamba. Mankhwalawa ndimwa mpaka liti? Ndiyembekezere zovuta zanji, ndipo ndi ziti zimene ndiyenera kubwera nazo msanga? Mwandiyeza TB, shuga ndi chiwindi? Akakanika, chotsatira n'chiyani? Nanga tikangodikira, chingachitike n'chiyani? Mafunso amenewa sachotsa ulemu kwa adokotala. Amene ali pamzere kumbuyo kwako angadandaule kuti ukuchedwetsa, koma thupi limene likalandire mankhwalawo ndi lako.

Nkhani ya kapamba sinatsekedwe. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ndikamakula chiopsezo cha kutaya magazi chimakwera, ndipo tsiku lina nambala ikhoza kugwa n'kukana kudzuka. Likadzafika tsiku limenelo tidzakhalanso pansi n'kuyeza maenje awiri aja mwatsopano. Mwina ndidzavomera. Ndikadzatero, ndidzalowa m'chipinda cha opaleshoni nditabayitsa katemera yense, neti yatsopano ili kale pabedi, ndiponso nditapempha kale kuti andisamutsire ku sukulu ya kufupi ndi chipatala. Pakadali pano ndimayezetsa magazi miyezi itatu iliyonse, ndipo ulendo wapitawu anapeza 44,000.